Kuwonda kwa Ezequiel

Zulmira ankagulitsa mbatatesi ndi kabichi za ku Angónia pamsika wa mumzinda wa Tete, ndipo malonda ankamuyanja. Kulemera sanalemere, koma nyumba yake ya ku Chimadzi inali ya malata owala, pabwalo pali mpope wa madzi, ana ake awiri ali pasukulu ku Beira. Mwamuna wake anachoka kalekale, ati iye anakwatira mkazi mmodzi, osati mkazi ndi mlongo wake yemwe. Mlongo wakeyo anali Ezequiel, amene ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba.

Ezequiel anabadwa ndi magazi osaundana. Akadzicheka ndi kalumo, magazi ankachucha mpaka mawa lake. Akagunda bondo pachitseko, bondolo linkafufuma ngati dzungu, n'kumatentha sabata yathunthu. Achipatala amati hemofiliya. Kumudzi ankangoti ndi tsoka la kuchikazi, poti malume awo ena, a Inocêncio, anamwalira atangozulitsa dzino.

Kachirombo anakatenga asanadziwe n'komwe kumanga zingwe za nsapato. Panthawiyo banja lawo linali kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Mwanayo anagwa n'kudziluma lilime, magazi anakana kusiya, ndipo kuchipatala anamuika magazi a munthu wina, amene masiku amenewo sankayezedwa paliponse. Amene anamubereka kumsana pobwerera kumsasa anali Zulmira, ali kamtsikana kosatha msinkhu. Makolo awo anatsogola mmodzimmodzi nkhondo itatha, koma Zulmira mlongo wakeyo sanamutsitse.

Tsopano Ezequiel anali bambo wa imvi ziwiri zitatu, wokonza mafoni ndi mawailesi pakhonde. Ma ARV sankadumphitsa. Komabe chaka chimenecho anayamba kutha. Lamba wake anauboola mabowo atsopano ndi msomali wotentha, malaya anayamba kumulendewera ngati awayanika pachingwe.

Kuchipatala kunali kutabwera anthu ofufuza za odwala amene ali ndi matenda onse awiriwa. Odwalawo anali ochepa, osadzaza ndi benchi imodzi yomwe. Ezequiel anamuyeza pasikelo, anamuzunguliza tepi pamkono, anamutenga magazi m'timabotolo, ndipo pamene panalowa singano panada bii kwa masabata. Zotsatira zitatuluka, dotora Balbina, mayi wa ku Macanga amene ankalankhula Chinyanja, anawaitana onse awiri.

"Kachirombo kagona, mayi," anatero dotora. "Mu analize, m'magazi tayezawa, sikakuoneka n'komwe."

"Nanga akuthera chiyani chonchi?" anafunsa Zulmira.

"Asilikali a m'thupi. Kachirombo kagona, koma iwo sagona. Tayang'ana zizindikiro zawo m'magazi, zonse zili pamwamba, ngati za munthu amene amadwala malungo tsiku ndi tsiku. Bambowa akhala ndi kachirombo kuyambira ali mwana, asilikali awo mtendere sakuudziwa. Mawondo ndi zigongono zikachucha magazi m'kati, asilikaliwo amadzukanso. Ndiye chakudya chikalowa amayamba kudya ndi iwo, mwini thupi n'kulandira makombo."

Zulmira anamva bwino lomwe. Anakulira pankhondo. Ankadziwa kuti asilikali akamanga msasa m'mudzi nkhuku zimatha, eni mudzi n'kumatafuna gaga.

"Mankhwala ake alipo?"

"Owagoneka asilikaliwo ine ndilibe. Adye basi. Mazira, nyemba, mtedza, nsomba, chiwindi. Pang'onopang'ono koma pafupipafupi. China, asachekedwe paliponse. Jekeseni woundanitsa magazi uja timati fatori amachokera ku Maputo mwa apo ndi apo. Lero alipo, mawa palibe."

Potuluka Ezequiel anatembenukira mlongo wake, amene ankamutchula kuti mana, n'kuseka. "Mwamva, mana? Anzanga amaweta mbuzi, ine ndikuweta asilikali."

Zulmira sanaseke. Anayamba ntchito. M'mawa dzira ndi phala la nsinjiro. Masana ankathamanga kuchoka kumsika, dzuwa la ku Tete likuswa mtengo, kukamuphikira nsomba ya pende ya mu Zambezi kapena chiwindi cha mbuzi. Madzulo malambe osakaniza ndi mkaka. Ezequiel ankadya ngati akulima, thukuta lili kamukamu, akumeza mokakamiza. Pena ankasanza, pena m'mimba munkatsegula, zonse n'kupita pachabe. Mwezi unatha, wina unatha, sikelo ya kuchipatala inangokhala pomwepo.

Nkhani inayamba kumupeza kumsika. Amene anamuuza anali Dulce, mnzake wogulitsa tomato pambali pake.

"Mana, ndikuuze kapena ndikhale chete?"

"Wayamba kale, maliza."

"Akuti unakhwima. Akuti matumba ako amatha msanga chifukwa kuseri kwa nyumba yako uli ndi munthu amene ukumumwa magazi. Akuti iwe ukamanenepa, iye akuuma."

Zulmira anaseka mokweza mpaka ogula anacheuka. Kenako anawerama n'kumaunjika mbatatesi. Anakumbukira kuti mayi wina wa kudera la Josina Machel, amene kale ankagula kabichi kwa iye yekha, masiku ano ankadutsa ngati sakumuona. Ndipo ankadziwa kuti malole obwerera ku Angónia sabwerera opanda kanthu. Amanyamula matumba opanda katundu, amanyamulanso nkhani.

Sipanapite nthawi, tsiku lina la Mulungu masana, malume Ernesto anatulukira pageti. Anali mchimwene wa malemu amayi awo, yekhayo wotsala, mwamuna wamtali amene anavala jekete ngakhale kunja kunkatentha ngati ng'anjo. Zulmira anagwada, anawalonjera, anawapatsa mpando pansi pa mtengo wa masau. Anawabweretsera madzi, iwo anangowayang'ana. Anawabweretsera chakudya, iwo anati adya panjira. Pamenepo Zulmira anadziwa chimene chawabweretsa.

Ezequiel anatuluka akutsimphina. Malume anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kupukusa mutu.

"Ndabwera kudzatenga mwana wa mlongo wanga," anatero.

"Kupita naye kuti, malume?"

"Kwawo."

"Mankhwala akakatha akatenga kuti? Bondo likakatupa mukamutani? Dotora wake ali kuno."

"Kuno kuli malonda. Kumudzi kuli anthu."

Zulmira anadzuka pamene anagwada. "Malume, nenani poyera. Musandizungulire ngati njoka."

"Ndinene chiyani chimene msika wonse sunanene? Denga lako likuwala mpaka kuthobwa m'maso. Iwe khosi lachita mizere. Mlongo wako wauma ngati nsomba ya ku Chicoa. Ife tili ndi maso, mwanawe."

"Maso amenewo anali kuti pamene ankachucha magazi kumsasa? Pamene amayi anamwalira, munatenga munda, munatenga njinga, koma mwana wodwalayu munati apite ndi Zulmira. Lero ndiye mwakumbukira kuti ali ndi kwawo?"

"Chibale ndi fupa, sichiola," anatero malume mosatekeseka. "Ukalankhula kwambiri anthu aziti pali chimene ukubisa."

Zulmira anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma Ezequiel anamudula.

"Ndipita, mana."

Zulmira anamutembenukira. "Wati chiyani?"

"Ndipita. Ndikakhala kuno n'kumwalira, adzati ndinu. Ndikapita n'kukawondabe kumeneko, akusiyani."

Mawu ake anali achikondi, koma ankawalankhula akuyang'ana nyerere pansi. Zulmira anadikira kuti amuyang'ane kumaso. Sanamuyang'ane.

Zulmira anamulongedzera yekha. Mankhwala a miyezi ingapo, mtedza wokazinga, nsomba zouma, mazira okwirira mu ufa kuti asasweke, juzi la kuzizira kwa ku Angónia. Mawa lake pokwerera shapa, minibasi ya ku Angónia, anawagwira malume mkono wa jekete.

"Chinthu chimodzi chokha, malume. Lumo lisamukhudze. Ngakhale kumumeta ndevu, ayi. Kumbukirani a Inocêncio."

"Amene uja anachita kulodzedwa," anatero malume, n'kusasa dzanja lake.

Shapa inawoloka mlatho wa Zambezi, Zulmira anabwerera ku Chimadzi. Pakhonde panatsala tebulo la mafoni osakonza. Masiku oyamba ankapezeka waswa kale dzira m'mawa asanakumbukire kuti wodya palibe. Akamuimbira foni, Ezequiel ankayankha mwachidule. Kukuzizira. Ndili bwino. Mankhwala ndikumwa. Akafunsa zambiri, ankati netiweki ikuvuta.

Foni inalira tsiku lina masana, Zulmira akuyezera munthu mbatatesi. Anali malume Ernesto, ndipo mawu awo sanali aja a pansi pa mtengo wa masau.

"Tili mu ambulansi, tikubwera. Mwanayu magazi sakusiya."

"Mwamutani?"

Kunangomveka phokoso la galimoto.

"Malume, ndati mwamutani?"

"Timphini tingapo basi. Pamsana, pachifuwa ndi m'mawondo."

Anali atapita naye kwa sing'anga dzulo lake m'mawa, kuti akachotse zoipa zimene ankati Zulmira anamuikira m'thupi. Sing'angayo anatema mphini n'kupaka mankhwala ake akuda. Magazi atakana kusiya anayesa phulusa, anayesa kumanga nsalu, anadikira mpaka kucha. Kuchipatala cha kumeneko fatori analibe. Anangomuika madzi m'mitsempha n'kumutumiza ku Tete.

Zulmira anasiyira Dulce malonda onse, anakwera njinga yamoto, anakaima pageti la chipatala. Anaima pomwepo dzuwa likumuwotcha paliwombo, akuwerama kusuzumira galimoto iliyonse yolowa. Ambulansi inafika dzuwa litapendeka. Atatsegula chitseko, fungo la magazi linayamba kutuluka ndilo. Ezequiel anali atakulungidwa m'zitenje zimene zinauma gwa ngati chikopa, pena zikadali zonyowa. Milomo yake inali mbuu ngati ufa. Anatsegula maso, anamuona mlongo wake, anatsekanso.

Sabata imeneyo fatori kunalibe. Anamuika plazima, anamuika magazi, n'kuuza abale kuti apereke awo kuti abwezeretse mosungiramo. Malume anati iwo ndi okalamba, mutu umawazungulira. Zulmira anagona pabedi, anatambasula mkono, anayang'ana thumba likudzaza pang'onopang'ono ndi magazi ake. Anaganiza za anthu a kumsika, nafuna kuti abwere onse aime pakhomo aone amene akumwa magazi a mnzake. Panalibe amene anabwera.

Dotora Balbina anafika m'mawa mwake. Anavundukula nsalu, anaona mizere ya mphini, ina itayamba kale kutukusira.

"Ndani wachita izi?"

"Abale," anatero Zulmira.

Dotora sanafunsenso. Anangoti, "Kathupi konse kamene tinkasunga miyezi yonseyi kapita. Tiyambiranso pansi, ngati atidikire."

Pakhonde la chipatala malume anali pabenchi, jekete lili ndi madontho akuda a magazi. Zulmira anakhala kumapeto kwa benchiyo, thonje likadali pamkono. Ankayembekezera mawu amodzi okha. Akanati pepa, mwina akanalira nawo limodzi.

Malume anatsokomola. "Sing'anga uja anachenjeza," anatero motsitsa mawu. "Anati magazi akakana kusiya, ndiye kuti mwini wake wa mankhwala akukana kumasula. Mwanawe, ngati pali chimene unagwira, masula. Akadali moyo."

Zulmira anawayang'ana nthawi yaitali. Mkwiyo umene ankaganiza kuti uphulika sunaphulike. Unangozizira ngati mwala wa mumtsinje.

"Malume, shapa za ku Angónia zikadalipo pa siteji. Nyamukani. Akamwalira sindikuitanani. Akachira sindikuuzani."

"Ukuthamangitsa ine? Mchimwene wa mayi ako?"

"Amayi anga ali kumanda. Pitani."

Anapita. Ndipo kumudzi anakanena kuti Zulmira anawathamangitsa atamufunsa za mankhwala ake, ndiye anthu anati eya, mwaona.

Ezequiel sanafe. Zilonda zinachita mafinya, thupi linatentha masiku ambiri, fatori anafika mochedwa koma anafika. Anatuluka m'chipatala mvula yoyamba itagwa, ali wopepuka moti Zulmira anamukweza yekha pagalimoto. Bondo lamanzere, limene magazi anadzaza m'kati, silinawongokenso. Kuyambira pamenepo ankayenda ndi ndodo.

Kwa masiku angapo Zulmira sanafunse kanthu. Ankamusambitsa, ankamutsuka zilonda, ankamutembenuza. Tsiku lina madzulo, dzuwa lisanalowe, anamubweretsera phala pakhonde, anakhala pampando moyang'anana naye.

"Kwa sing'anga kuja, anakugwira ndi mphamvu?"

Ezequiel anatakasa phala ndi supuni. "Ayi."

"Malaya unavula wekha?"

"Ndinavula ndekha."

"Ukudziwa chimene lumo limachita pathupi pako. Ukudziwa kuposa dotora."

"Ndikudziwa."

"Ndiye unakhulupirira."

Ezequiel anaika supuni pansi. Nthawi ino anamuyang'ana kumaso.

"Mana, ine ndamwa mankhwala moyo wanga wonse. Ndadya mpaka kusanza. Sindinabe, sindinayende ndi mkazi wa mwini, ngakhale wanga ndilibe. Ndikafunsa kuti wandilakwira ndani, akuti palibe. Amene anandipatsa magazi aja sankadziwa. Amene anandiika sankadziwa. Amayi sankadziwa. Tsopano dotora akuti ndi thupi langa lomwe likundidya. Munthu umatopa ndi kudwala popanda woti umukwiyire." Anakankhira mbale pambali. "Kumudzi kuja anandipatsa dzina la munthu. Tsiku ndi tsiku, m'mawa ndi madzulo, dzina lomwelo. Linali lanu. Ndipo kwa masiku angapo, mana, mtima unapepuka. Ndinagona tulo."

Kunja kwa mpanda ana ankathamangitsa mbuzi. Zulmira anamva mawuwo akulowa mmodzimmodzi. Akanakhala kuti wanama, akanati anandikakamiza, iye akanadziwa kuti ndi bodza koma akanalandira. Koma Ezequiel sanali munthu wonama.

"Unagona tulo," anabwereza Zulmira.

"Pepani, mana. Lumo litangolowa ndinadziwa kuti ndapusa."

"Lumo litalowa."

Anadzuka, anakonza chitenje chake. "Idya. Phala lizizira."

Kuphika sanasiye. Dzira la m'mawa silinaphonye, pende ankabwera, chiwindi chinkabwera. Tsiku la sikelo ankamuperekeza kuchipatala, n'kumvetsera zonse zimene dotora ankanena. Thupi linabwerera pang'ono, osati lonse. Ofufuza aja anamaliza ntchito yawo, ananyamula mabokosi awo ozizira, anabwerera kumene anachokera. Kumsika ogula ena anabwerera, ena mpaka lero amadutsa kutali. Ku Angónia Zulmira sanapondeko phazi, katundu ankangogula pamalole.

Anthu oyandikana nawo ankati Ezequiel ali ndi mwayi, mlongo wotere sapezeka. Iwo ankaona mbale zikulowa m'kachipinda ka kuseri. Sankaona kuti Zulmira amaika mbale pampando, n'kugogoda, n'kubwerera. Kale awiriwa ankadyera pamodzi pamphasa, akukangana za mpira ndi za nyimbo za pawailesi. Tsopano Ezequiel akamva mapazi ake ankafulumira kuitana.

"Mana, khalani pansi tidye."

"Ndadya kale," ankayankha Zulmira, n'kupita kukatsuka mapoto.